Dzino limene unandithyola, Yotamu

Lelo kuchipatala amafuna kundizula dzino lothyoka lija, Yotamu mkulu wanga. Ndakana, ndangonyamuka pampando.

Ukukumbukila? Unabwela patchuthi kuchokela ku timu yako ya basiketibolo ku Portugal, tinapita pabwalo lathu lafumbi ku Petauke, paja tinamangilila limu ya njinga pamtengo. Nditalumpha kuti ndikulande mpila, unandikhoma chigongono pakamwa. Ndinalavula magazi ndi theka la dzino. Ndinakutukwana anthu akumva, mpaka ndinatola mwala. Iwe unangoti, "Mng'ono wanga, kunja kuja amandimenya chonchi sabata iliyonse, ndipo palibe amene amapepesa. Taya mwalawo, tisewele." Ine ndinkayesa ukudzitama.

Chaka chotsatila ochemelela timu imene munaigonjetsa anakudikilila panja pa bwalo, nakubaya ndi mpeni katatu. Chifukwa cha mpila chabe! Agalu amenewo sindidzawakhululukila, abusa anene zimene anganene. Unabwela m'bokosi lalitali mwakuti okumba manda anachita kuwonjezela dzenje, amai ataima pomwepo akuona.

Dzinoli limandicheka lilime tsiku lililonse. Lizindicheka choncho, ndi lako. Palibe amene adzalizule.