Tsiku Limene Amayi Anatilondera Zikwama

Tinanyamuka kwathu ku Maddington Loweruka m'mawa, dzuwa la Januwale litayamba kale kuluma. Ine ndinali nditangofika dzulo lake kuchokera kumgodi, fumbi lofiira likadali m'makutu. Zaka zimenezo migodi inkalipira bwino koma inkatibisa kwa ana athu, ndiye ndinawalonjeza anga kuti tikasewera kupaki ya madzi kunja kwa mzinda wa Perth n'kukagona komweko.

M'galimoto munali ine, mkazi wanga Elube, ana athu Tadala ndi Pempho, ndi amayi anga. Amayi anabwera kuchokera ku Zomba miyezi ingapo m'mbuyomo kudzatilerera ana, poti Elube ankagwira ntchito ya unamwino ku Nedlands. Anali atatsala ndi sabata imodzi kuti abwerere.

Ku Kewdale mathiraki anatipanikiza mpaka tinkayenda ngati tikuperekeza maliro. Amayi anatontholetsa ana ndi mandasi amene anakazinga mamawa.

Pachipata cha paki, mtsikana wogulitsa matikiti anafunsa ngati agogowa akwera nawo zinthu kapena angoonerera.

"Angoonerera," ndinayankha osacheuka n'komwe.

Ife anatimanga timalamba tobiriwira pamkono, amayi kofiira. Tinapeza mthunzi, tinayala chitenje, n'kuunjikapo zikwama, matawulo ndi nsapato.

"Amayi, mutiyang'anire katunduyu."

"Pitani, ana anga."

Tinaterereka, tinakuwa, ine ndinamwa madzi a m'dziwe okwana kuchapira. Pamzere wa tchipisi ndi masoseji, bambo wina wa ku Zambia amene anatimva tikulankhula anandikodola.

"Bosi, amami mwabalemba nchito ya ulonda? Maloka yosungilamo katundu yalipo paja."

Ndinaseka naye, n'kupita ndi tchipisi changa. Titakhala pansi kuti tidye m'pamene amayi ananong'oneza Elube kuti awalozere kuchimbudzi. Kuyambira m'mawa anali asanasunthe, kuopa kusiya zikwama. Komabe ana atandikoka ndinabwerera kumadzi.

Dzuwa litapendeka tinawapeza amayi atakokera katundu yense kutsidya lina la mtengo, kutsata mthunzi. Tikupukuta ana, anandiitana motsitsa mawu.

"Yamikani, chozungulira ngati gudumu la njinga chija, achikulire amaloledwa? Ndaonapo azimayi a imvi akukwera."

Ndinawagwira dzanja, tinafulumira. Mnyamata wa pagudumupo anayang'ana kalamba kofiira kaja napepesa mwaulemu: kameneko n'kongoonerera. Ndinathamangira kuchipata kukasintha, koma zenera la matikiti linali litatsekedwa. Pobwerera ndinawapeza atagwira mpanda, khosi m'mwamba, gudumu likuzungulira komaliza.

"Palibe kanthu," anatero. "Ndaona ndi maso."

Tinagona m'kanyumba kamatabwa pafupi ndi pakiyo. M'mawa mwake ndinadzuka ndi changu.

"Amayi, valani. Lero mukwera, ndikugulirani tikiti yonse."

Iwo anapitiriza kupesa tsitsi la Tadala.

"Dzulo ndinkafuna ndine. Lero ukufuna ndiwe. Tiyeni tizipita, ana atopa."

Elube anangoyang'ana pansi. Tinalongedza n'kunyamuka.

Pamsewu wobwerera ana anagona. Ndinkawaona amayi pagalasi, atakhala pakati pa mipando iwiri ya ana, chikwama cha matewera pamiyendo. Ndinayesa kukumbukira tsiku limene ndinawafunsapo chimene iwo akufuna m'dziko lino, koma sindinalipeze. Ndinkawafunsa ngati ana adya, ngati Pempho wamwa mankhwala, basi.

"Amayi, musanapite, mukufuna kuona chiyani?"



"Nyanja yamchere ija. Ndimangoimvera kwa anawa."

Miyezi yonseyo, mumzinda wogona m'mbali mwa nyanja! Pamphambano yotsatira ndinakhotera kumadzulo. Titafika amayi anavula nsapato, anakwinya chitenje, nalowa mpaka m'maondo. Funde litawamenya anakuwa ngati kamtsikana, analawa madziwo n'kulavula akuseka.

Pempho anathamangira komweko, Tadala ndi mayi ake pambuyo. Ine ndinaima pamchenga wotentha. Munthu amene anandibereka ndinali nditamuitana kudutsa nyanja ngati manja awiri owonjezera, ndipo sindinathe kumuyang'ana m'maso pamene ankandikodola kuti ndibwere.