Wezulo Wabodza wa Agogo Namacha

Agogo anga a Namacha akandibwerera m'maganizo, choyamba kundifika m'mphuno ndi fungo la guluu ndi chikopa chonyowa, kenako ndimamva kugogoda kwa kahamala kawo pansi pa mtengo wa mango ku Lirangwe, pomwe ankasokera anthu nsapato kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, misomali ing'onoing'ono ataluma pakamwa, wailesi ikulira chapansipansi. Singano sankaiphonya. Ulusi unkalowa kamodzi kokha, ngakhale akucheza ndi munthu. Koma nsapato inali ntchito chabe. Mtima wawo wonse unali ku Mbaula, timu ya mpira yomwe anayambitsa okha ndi kumaiphunzitsa okha.

Mbaula inali timu yovutika, musanamizidwe. Sikuti anyamata ankalephera kumenya mpira ayi, vuto linali mitima. Tikapita koyenda, kaya ku Madziabango kaya kwina, woyimbira ankakhala wa komweko, ndipo aliyense akudziwa mmene woyimbira wa pakhomo amaonera zinthu. Akangoimba mokondera, anyamata athu ankamuzungulira, wina kumukoka malaya, wina kutukwana mpaka azakhali ake, masewero n'kuthera panjira, mapointi n'kupita kwa eni bwalo. Chaka chimene ndikunenachi tinali kunsonga ya pansi pa ligi. Womwetsa zigoli wathu ndi goloboyi anali ataletsedwa kusewera chifukwa cha ndewu, ndipo akuluakulu a ligi anali atachenjeza kuti tikangoyambitsanso chipwirikiti, Mbaula aichotsa.

N'chifukwa chake agogo anali ndi kasankhidwe kawokawo. Tsiku loyesa osewera atsopano ankaimbira okha, ndipo ankaimba zabodza dala. Mnyamata wamwetsa chigoli choyera, iwo ofusayidi. Amuchita chikwakwa anthu onse akuona, iwo n'kuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga ndege zopita ku Chileka. Akatero ankangomuyang'anitsitsa mnyamatayo kumaso.

"Miyendo ndimaiona pa mphindi zochepa," ankatero. "Ine ndikufuna ndione munthu akamubera masana amatani."

Ine ndinakulira m'nyumba mwawo, choncho chinsinsichi ndinkachidziwa bwinobwino. Nditafika msinkhu woti n'kuvala jezi ya Mbaula, ndinawauza kuti malo a womwetsa zigoli aja ndikuwafuna. Anamaliza kaye kukhoma chidendene cha nsapato ya abusa.

"Ubwere Loweruka ngati wina aliyense. Ku bwalo kulibe mdzukulu."

Malowo anali amodzi, ofuna tinali awiri. A Makwinja, wapampando wa komiti, amene ankagwira ntchito ku bwalo la ndege, anabwera ndi mnyamata wawo wa ku Chileka yemwe ankamutchula kuti Sitima. Eee, koma mwana ameneyo ankathamanga! Jombo zake zinali zogula m'sitolo, zanga zinali zosokasoka za agogo, chala chimodzi chikusuzumira. Pagolo la timu yolimbana ndi yanga anaika Yohane, mnyamata wofatsa wa ku Chigaru, yemwe naye ankayesedwa pa malo a goloboyi.

Bwalo linadzaza. Amayi ogulitsa zitumbuwa anasiya mabeseni, anyamata a kabaza anaimika njinga. Sitima sanachedwe: anapinda anthu atatu n'kuponya mpira pakona ya golo. Anthu akuti akuwe, wezulo wa agogo pyee! Ofusayidi.

"Madala, kodi maso muli nawo?" anakuwa Sitima, akuwaloza agogo chala pamphuno. Anatola mpira n'kuumenya mpaka m'munda wa chimanga wa eni ake, kenako anavula malaya n'kukakhala pansi kunja kwa bwalo. A Makwinja anangogwira m'mutu.

Ine mumtima ndinati basi, zatheka. Agogo atandiimbira zabodza, ndinamwetulira n'kumupatsa mnzanga mpira ndi manja awiri ngati ndikupereka madzi kwa mlendo. Ndinkangoti mayeso ndakhoza kale.

Chakumapeto mpira unandipeza ndili ndekha ndi Yohane. Ndinamenya ndi mphamvu zanga zonse, koma unapita kunja, unangonyambita mtengo wa bulugama womwe unali golo lathu. Ukonde tinalibe. Ndinauona ndi maso angawa ukudutsa kunja, Yohane anauona, amayi a zitumbuwa anauona.

Pyee! Agogo analoza pakati pa bwalo. "Chigoli!"

Bwalo lonse linaphulika. "Akondera mdzukulu!" "Manyazi mulibe a Namacha?" A Makwinja anachita kulowa m'bwalo, mitsempha ya m'khosi itatuluka: "Ndiye mwana wanga mwamuchotsera zimenezi eti? Timu ya pabanja imeneyi?" Yohane sanatukwane. Anangoima atagwira mtengo uja, misozi ili lengelenge, akunena motsitsa kuti, "Wadutsa kunja, akulu, wadutsa kunja." Ankadziwa kuti chigoli chimenechi chikhoza kumubweza ku Chigaru wopanda jezi.

Ndinawayang'ana agogo. Nkhope yawo inali gwa, osaseka, osanditsinzinira diso. Zoti woyimbira angabe mokomera ine, sindinaziganizepo chiyambire. Chigolicho ndinkachifuna, ndisaname, chifukwa jezi ija ndinkailota. Koma mawu aja akuti akondera ankandiwawa kwambiri. Agogo anga, amene ankabweza nsapato kwaulere msoko ukamasuka, lero azitchedwa wakuba pamaso pa Lirangwe yense chifukwa cha ine?

Ndinathamanga kukatola mpira kutchire n'kukauika pamzere wa Yohane.

"Agogo, sunalowe."

"Iwe, woyimbira ndi ndani pano?"

"Ndinu. Koma sunalowe. Yohane, menya aise."

Agogo anaika wezulo pakamwa n'kuimba kuti masewero atha.

Komiti inakhala pansi pa mango uja, ife titaima chapatali koma tikumva zonse. Za Yohane sanakambirane n'komwe, agogo anangoti, "Goloboyi ndi ameneyu. Amubera chigoli, sanatukwane munthu." Atafika pa ine anapinda manja.

"Za uyu ine ndilibe mawu. Ndi magazi anga. Nenani inu."

A Makwinja anakanda m'mutu, n'kupumira m'mwamba. "Mulembeni mwanayo. Wanga uja akanatichotsetsa mu ligi Loweruka loyamba. Koma a Namacha, tsiku lina mudzatipha ndi mtima, ndithu."

Anthu atabalalika agogo anabwerera pa kabenchi kawo, anatenga jombo yanga yong'ambika ija kuti aisoke. Ndipamene ndinaona chinthu chomwe sindinachionepo. Ulusi unkakana kulowa m'singano. Ayesa, waphonya. Ayesanso, waphonya. Manja awo ankanjenjemera.

"Bwera undilowetsere," anatero.

Ndikulowetsa ndinawafunsa kuti, "Nanga ndikanachilandira chigoli chija?"

"Jezi sukanaiona. Nanenso wezulo ndikanaupachika lero lomwe, chifukwa ndani akanandikhulupiriranso muno?" Analandira singano osandiyang'ana. "Mayeso a anzako unkawadziwa, ndikanakuyesa nawo bwanji? Ndinalibe china choikapo koma dzina langa."

Ndinkafuna kunena chinachake chachikulu, koma iwo anandidula.

"Usanyade. Munthu uli wekha ndi goloboyi n'kumenya kunja? Lolemba uyambe kuphunzira kumenya mpira, wandichititsa manyazi."

Chaka chimenecho sitinatenge chikho chilichonse. Tinathera pafupi ndi pansi pomwepo, koma masewero onse tinawamaliza. Ku Madziabango anatibera penate yoonekeratu, ife tinangotola mpira n'kupitiriza masewero, mpaka masapota a komweko anayamba kumukuwiza woyimbira wawo yemwe. Mbaula inakhalabe mu ligi, ndipo ilipo mpaka lero.

Agogo anatisiya kalekale. Kabenchi kaja kanadyedwa ndi chiswe, koma wezulo uli ndi ine, wachitsulo, wopindika pakamwa pomwe ankaluma. Anyamata atsopano a Mbaula ndimawayesa ndine tsopano, ndipo ndimaimba zabodza monga ankachitira iwo. Anthu akandifunsa chigoli chomwe ndimanyadira kwambiri pa zonse zomwe ndinamwetsa, ndimawauza kuti ndi chija chimene sichinalowe. Mwana wanga wamkulu wayamba kale kufunsa za jezi. Ndikaganiza za Loweruka lakelo, manja anga amayamba kunjenjemera.