Kalozera M'saluni ya Elube

Elube amaluka tsitsi kuseri kwa msika wa ku Biwi, m'kasaluni ka malata komwe mumakwana anthu atatu basi, wachinayi amakhala pakhomo miyendo ili kunja. Ine ndimagulitsa makala pafupi pomwepo, choncho palibe chimene chimandiphonya. Mayiyu anasiyira sukulu fomu thuu, koma ana atakula anati, "Inenso ndikufuna pepala langa," n'kukalembetsa sukulu ya masana.

Kumeneko ndiye kunachokera mavuto athu. Masamu ankamuzunguza mutu, koma phunziro la nkhani ndi ndakatulo za Chichewa linamulowa m'magazi. Tsiku lililonse ankabwera ndi mawu atsopano. "Achimwene, mukudziwa? Munthu akamakokomeza zinthu, limenelo ndi voko!" Kuyambira pamenepo palibe ankanama mwamtendere. Wina akati, "Minibasi ya ku Kanengo ndaidikira chaka chathunthu," Elube ankaponya chipeso n'kuwomba m'manja: "Voko!" Ndikati mbaula yanga yanyanyala, ankati ndaipatsa umunthu. Miseche ikafika pokoma penipeni, aliyense atasiya kupuma, ankakuwa kuti, "Pampondachimera!" Ankanditopetsa, koma ndisaname, zinkandikomera kuona munthu wamkulu akusangalala chonchija.

Mnzake wa pamtima anali Magret, amake Tina. Awiriwa anakulira limodzi ku Ntcheu, ndipo ku maliro kaya ku chinkhoswe, ukaona mmodzi unkadziwa kuti winayo ali pambuyo. Loweruka lina Magret akulukidwa, anayamba kudandaula kuti amuna ake, a Greyson, asintha. Foni ikalira amakayankhira kuseri kwa bafa, akaweruka kutchalitchi amasowa, komanso agula suti osanena.

"Eee! Kalozera ameneyo!" anakuwa Elube, nkhope ili ngwee.

"Kalozera n'chiyani?" anafunsa Magret.

"Tizizindikiro timene wolemba amaika koyambirira kuti uone kumene nkhani ikulowera. Foni kuseri, suti yanyuwani... asisi, nkhani zoterezi zimathera kwa mkazi wachiwiri!"

M'saluni munali makasitomala ena awiri, ndipo onse anamva. Magret anadzuka mutu uli woluka theka, anamanga mpango. "Banja langa si buku lako la mayeso," anatero, n'kutuluka.

Pakamwa, abale inu! Elube anapita kukapepesa, koma Tina ankangoti amayi kulibe, pomwe nsapato zawo zili pakhomo. Anatumiza mauthenga, sanayankhidwe. Mawu akusukulu aja anawasiyiratu, saluni inazizira. Tsiku lina ndinamuputa dala kuti ndanyamula matumba chikwi ndekha. Sananene kuti voko, anangoti, "Pepani, achimwene." Zinandipweteka kwambiri.

Mvula itayamba, m'mawa wina Magret anatulukira. Sanapereke moni. Anakhala pampando, n'kumasula mpango.

"Undiluke yapamwamba, osati zako zothamanga zija."

Elube anatola chipeso. Ine ndinasiya kasitomala ataima ndi jumbo, ndinasendera pakhomo.

"Kalozera wako uja," anatero Magret akuyang'ana pagalasi, "a Greyson ankanong'onezana ndi ankhoswe komanso akulu a mpingo. Paja ife tinangolowana. Akuti atopa nazo zoti ndizikhala kumbuyo pa mgonero, akufuna tikadalitse ukwati. Suti ija ndi ya tsikulo. Ndiye abusa akuti ndipeze wondiperekeza. Ndayang'ana Biwi yense, wa pakamwa ngati iwe sindinamupeze."

Elube anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, misozi ili chuchuchu. Milomo inkasunthasuntha koma anailuma, poopa kulakwanso.

Magret anamuyang'ana pagalasi paja, n'kupukusa mutu. "Nena, iwe. Ndikudziwa kuti chikukuyabwa."

"Pampondachimera!"

Nthungululu imene inatsatira inaimitsa ndi a kabaza omwe pamsewu.