Lichero Limene Achemwali Anakana

Chaka chimene achemwali anaima pa chisankho cha makhansala, ine n'kuti ndatopa ndi kudikira nyumba ya khonsolo. Ndinkakhala ku Tallaght, kuno kudziko la azungu, m'chipinda chimodzi ndi ana anga awiri, khoma likuchita nkhungu ngati buledi woiwalika, ndipo mwana wanga wamng'ono ankangotsokomola chaka chonse. Achemwaliwo si a bere limodzi ndi ine ayi. Ndi mayi wa kutchalitchi kwathu, namwino, wochokera ku Ntcheu, munthu wosaseka zopanda pake. Kuno aliyense wokhala m'dziko amaloledwa kuvotera makhansala, ngakhale ife amene tinabwera mothawa kwathu. Ndiye atanena kuti aima paokha, opanda chipani, mtima wanga unadumpha. Sindinama, ndinaona zipinda zitatu ndi kiyi ali m'manja mwanga.

Koma kampeni yawo inkandipsetsa mtima. Nkhope za anzawo zinali pa mtengo uliwonse wa magetsi kuchokera pa siteshoni ya sitima ya Luas mpaka kuchipatala. Iwo timapepala tochepa basi, ndi kugogoda khomo ndi khomo mvula ikuwakwapula. Chitenje panalibe, tisheti panalibe, ngakhale kabotolo ka chakumwa. Ine ndinakulira ku Ndirande, kumene wandale wobwera chimanjamanja timamuyesa kuti wasochera. Ndikakwera basi kupita kuntchito yanga yosamalira okalamba ndinkayang'ana zithunzi za anzawozo n'kumadzifunsa kuti mayi ameneyu akufuna kuwina kapena akufuna kungonyowa.

Ndiye ndinachita zimene ndimadziwa. Ndinabwereka holo ya tchalitchi Loweruka masana, ndinaitana Amalawi a ku Santry ndi ku Tyrrelstown ndi anzathu a ku Zambia, achemwali ndinawauza kuti ndi mapemphero. Atalowa anapeza nyimbo zili pokopoko, ine ndili pakati pa holo ndi lichero limene ndinabwera nalo kuchokera kwathu. Perekaniperekani weniweni, ngati pa ukwati. Ndinkaitana magulumagulu: anamwino abwere afupe, a sukulu za ukachenjede tiwaone, a ku Santry asabisale. Kwathu timasinthitsa ndalama yaikulu kukhala zing'onozing'ono kuti tivine nthawi yaitali, koma kuno zing'onozing'onozo ndi zachitsulo, moti zina zinkandimenya m'zala. Sindinasamale. Ndinavina kuposa aliyense, ndinaponya kuposa aliyense, mowonetsetsa kuti achemwali akuona. Kenaka ndinakuwa pa chimkuzamawu kuti, "Achemwali, mukawina musatiiwale!" Nthungululu zinadzaza holo yonse.

Iwo anangoima manja kumbuyo. Anthu atayamba kudya, anandikokera kukhitchini.

"M'bale wanga, ndalama zimenezi ndi za ndani?"

"Ndi zanu, za ma poster."

"Ndikufunsa kuti waponya ndani, ndipo zingati. Law ya kuno siyilola candidate kulandira cash yambiri chonchi osadziwa mwini wake. Pamafunika dzina ndi address."

"Ndiye vuto lili pati? Ndilemba maina, aliyense timuikire twenty euro, twenty euro, nkhani yatha. Adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine. Inunso mudziwa, ndipo tsiku limene ndidzakukanizeni kanthu mudzandikumbutsa."

Ndinayesa kuseka. Ndinati achemwali, musaiwale kuti kupatsa n'kuika. Iwo anandiyankha pomwepo.

"N'chifukwa chake ndikukana. Mukuika kuti mudzatenge. Ndakumvani pa mic paja."

Manyazi anandigwira, ndipo ine manyazi akandigwira ndimakalipa. Ndinawauza kuti asanduka mzungu, kuti sadziwa kugona ndi mwana wotsokomola m'chipinda chonyowa. Anapita kutsogolo, anathokoza anthu, n'kulengeza kuti aliyense wokumbukira zimene waponya abwere atenge, wofunabe kuthandiza apereke ndi dzina lake poyera, ndipo zosadziwika mwini azipereka ku ofesi ya boma yoona za ndalama za chisankho. Holo inazizira. Ine ndinatenga zanga, ndinatenga lichero langa, ndinatuluka osatsanzika.

Kwa masabata awiri sindinawalankhule. Koma kukhala pansi kunandikanika. Ndinkachapa zovala zoyera kale, ndinkakalipira ana popanda chifukwa, kuntchito ndinaika shuga m'tiyi wa gogo amene samwa shuga. Chinkandivuta n'chakuti mawu awo ndinkawadziwa. Kwathu ndinavalapo zitenje za zipani zitatu zosiyana, ndipo mpope wa m'dera lathu unakhalabe wouma. Amene anagula zitenjezo ndi amene ankakumbukiridwa pambuyo pa chisankho, osati ife ovala.

Tsiku lina ndinangovala jekete n'kukawapeza ali m'njira. Anangondigawira timapepala. Tinagogoda makomo mpaka mapazi kutupa. Ena ankatitsekera chitseko tisanamalize moni, ena ankatisunga pakhomo ndi madandaulo a mabasi ndi lendi. Bambo wina wokalamba anatembenuza kapepalako n'kundifunsa kuti walipira ndani. Ndinamuyankha osayang'ana pansi kuti alipira okha pamodzi ndi anthu opereka ndi maina awo poyera, ndipo ndinadabwa kuti zinandikomera.

Anawina, movutikira, mpando womaliza weniweni mwa mipando ya dera lathu. Ndinalira, ndinavina m'khitchini, ndipo ndisabise, kiyi uja anabwereranso m'maso mwanga.

Tsiku loyamba limene anakhala m'holo ya m'dera kumva mavuto a anthu ndinalawirira, koma ndinapeza mzere. Patsogolo panga panali bambo wina wa konkuno, chikwatu cha makalata chili pamiyendo, nayenso nkhani ya nyumba, ndipo anayamba kudikira ine ndisanafike m'dziko muno. Nthawi yanga itakwana, achemwali anandipatsa moni wabwino, anafunsa za mwana, anandiuza kalata yoti ndikatenge kwa dokotala, ndipo analemba yawo yokumbutsa a khonsolo za khoma lija.

"Ndiye basi?" ndinafunsa.

"Basi, m'bale wanga. List ya nyumba ndi yomweyo, sindingakudumphitseni."

Ndinatuluka. Panja ndinapeza bambo uja akudikira kuti mvula ikate. Anati wationa tikulankhula chinenero chathu, kodi khansalayo ndimadziwana naye? Ndinati eya, ndi achemwali anga. Iye anapukusa mutu n'kunena kuti ndiye zanga zayera, ndipeza nyumba iye asanapeze.

"Ayi bambo," ndinamuuza, "mudakali patsogolo panga."

Anaseka poyesa kuti ndi nthabwala. Ine sindinaseke. Ndinalowa m'sitolo kugula mankhwala otsukira nkhungu, n'kuthamangira basi kuti ndikapeze mwana asanaweruke kusukulu.