Kadyenipo

Malo aja ndinawapeza ndi bulangete limodzi ndi tambala woyera. Pamenepo pokha munthu wanzeru akanayamba waima n'kudzifunsa, koma ine masiku amenewo ndinkaona ngati nzeru zonse ndinabwera nazo m'sutikesi kuchokera ku Halale.

Ndinabwerako chaka chotsatira njala yaikulu ija, nditatha zaka khumi ndi ziwiri ndikupala matabwa kwa azungu. Ndinakwatira kwa Mavwere, ndipo monga mwa mwambo ndinakalowa chikamwini. Sindinganene kuti ankandizunza, ayi. Koma munda umene ndinkalima unali wa apongozi, nkhokwe imene ndinaluka inali ya apongozi, ngakhale mbuzi yogula ndekha anthu ankaitchula kuti mbuzi ya kwa apongozi anga. Zinkandiwawa kwambiri. Vuto linali lakuti ndinalibe mudzi wotengerako mkazi. Ndinabadwira pa esiteti ya fodya kutsidya kwa malire, cha ku Fort Jameson, kumene bambo anga anali kapitawo, ndipo pa esiteti munthu sakhala ndi kwawo. Choncho ndinamuuza mkazi wanga mosabisa kuti ndikapeza malo angaanga tisamuka, ndikalephera ndibwerera ku Halale, ndipo ulendo umenewo asadzandiyembekezere.

Atsibweni ake a mkazi wanga, amene anali eni mbumba, sanakane. Anati, “Chitengwa sitikaniza, koma mwana wathu sitimupereka kutchire. Mukhale ndi munda wanu, nyumba ndi nkhokwe yodzaza, ife tidzabwere tidzaone ndi maso.”

Ndinayamba kufunafuna. Tsiku lina ndikuchokera ku boma, kumene nthawi imeneyo tinkati ku Fort Manning, ndinaona malo a thengo lokhalokha pambali pa msewu wopita kumalire. Anali otsetsereka pang'ono, kumunsi kuli dambo, ndipo panalibe ngakhale kachisakasa. Nditafunsa m'mudzi woyandikana nawo anandilozera nkhalamba ina imene inkasoka mphasa pansi pa mkuyu, amvekere malo onse a kumsewuwo amawadziwa ndi iwowo. Ndinabwererako Loweruka lake ndi bulangete langa la ku Halale ndi tambala uja kukhwapa. Nkhalambayo inalitambasula bulangetelo, inalisisita, kenako inanyamuka n'kuyenda nane mpaka pa malopo. Inaloza chulu, inaloza mtengo wa muwanga, inalozanso dambo.

“Kuyambira apo mpaka apo,” inatero. “Kadyenipo, mwana wanga.”

Ndinawomba m'manja n'kubwerera kunyumba ndili wosangalala ngati mwana amene wasokeredwa kabudula watsopano. Ku Halale ndinazolowera kuti ukapereka chinthu n'kulandira china, ndiye kuti mwagulana, nkhani yatha.

Mwini sitolo wina wachisilamu ku boma, amene ndinagulako piki ndi nkhwangwa, anandifunsa funso limodzi akundikulungira katunduyo: “Malowo anakupatsani kapena anakuonetsani?” Ndinamuyankha kuti kusiyana kwake ndi kwa anthu osayenda. Iye anangoseka n'kundiwonjezera misomali iwiri ya basela.

Chaka choyamba chinathera pa zitsa. Mitengo yake sinali ikuluikulu, ndipo ndinkati m'mwezi umodzi ndithana nayo. Ha! Pansi pa kamtengo kalikonse konga mkono panali chitsa chakale chachikulu ngati mtondo, mizu yake yoyenda mpaka uko. Munthu wina anaidulapo kale mitengoyo ndipo inangophukiranso. M'maudzu munali mitumbira yakale yophwasuka, ndipo tsiku lina piki yanga inagunda mphero yosweka pakati. Zonsezo zinkandiuza kuti panakhalapo anthu, koma ine ndinkangotukwana kuti mwala wandiphera piki. Ndinayesa kukumba chitsime pafupi ndi pamene ndinkafuna kumanga, ndipo nditafika m'chiuno ndinakumana ndi thanthwe lofiira. Ndinasuntha, thanthwe lomwelo. Madzi ndinakawapeza kudambo, kutali ndithu kwa munthu wosenza mtsuko.

Chimanga choyamba chinamera bwino, mpaka odutsa pamsewu ankaima kuchiyang'ana. Chitafika m'mawondo chinaima pomwepo, masamba n'kuyamba chikasu. Kenako m'mizere monse munatuluka timaluwa tofiira tokongola zedi. Kaufiti. Mbewu yake imagona m'nthaka zaka ndi zaka kudikira chitsiru chodzabzala chimanga, ndipo chitsirucho chinali chitafika. Chimanga chochepa chimene chinabereka nguluwe zinadzatsiriza. Kumudzi kwa mkazi wanga nkhani inali ineyo. Alamu anga ankandilonjera kuti, “Mwaswera bwanji achikumbe? Maluwa aja mukolola liti?” Ndinkangoti zikomo.

Sindinasiye. Chaka chachiwiri ndinabzala mtedza wokhawokha, ndipo chilimwe chonse ndinkapala zitseko ndi mipando kwa anthu a ng'ombe, iwo n'kumandipatsa manyowa. Ndinkazula kaufiti asanachite maluwa n'kumutentha. Kapitawo wa malimidwe anadutsa n'kunena kuti mizere yanga ikutsata madzi, ndiigwetse ndiunge yopingasa, ndipo ndinaigwetsa ndikung'ung'udza. Mkazi wanga ankabwera masiku ambiri kudzandithandiza, mwana ali kumsana. Ankalima mwakachetechete, sankadandaula, komanso sindinamumvepo ngakhale kamodzi akunena kuti “munda wathu”. Ankangoti “kumsewu kuja”.

Chaka chachitatu malo aja anagonja. Chimanga chinatalika kupitirira mutu wanga, ndinamanga nyumba ya zipinda ziwiri ya chitseko chopala ndekha, nkhokwe inadzaza mpaka ndinaluka ina. Mvula ya chaka chimenecho isanathe ndinali nditakatenga mbande kumishoni ya ku Ludzi, mango asanu ndi malalanje atatu, n'kuzibzala mondanda kutsogolo kwa nyumbayo. Ndinatumiza mawu kwa atsibweni a mkazi wanga kuti abwere adzaone.

Asanabwere iwo, kunabwera munthu wina. Unali m'mawa, ndikuthirira mbande zija, pamene mayi wina wamtali, wovala mpango wakuda, anapatuka pamsewu ndi ana atatu ndi mtolo pamutu. Anagwada kutali, tinalonjerana bwinobwino. Anati akuchokera kutsidya kwa malire, amuna awo amwalira pa esiteti ndipo iwo ndi anawo abwerera kwawo. Kenako anayang'ana munda, anayang'ana nkhokwe, n'kuwomba m'manja.

“Zikomo kwambiri, bambo, potisungira tsala la amayi athu. Mwalisamala.”

Sindinamve msanga. Tsala ndinkalidziwa, ndi munda wogonekedwa kuti nthaka ipume. Chimene sindinkachiganizira n'chakuti tsala, ngakhale litamera nkhalango, limakhala ndi mwini wake, ndipo mwini wake akafa limadikira ana ake aakazi. Amayi a mayiyu analisiya chifukwa cha kaufiti yemweyo, mayiyu akadali mtsikana.

Ndinathamangira kwa nkhalamba ija, imene tsopano ndinadziwa kuti inali atsibweni a mayiyo. Ndinaipeza pansi pa mkuyu womwewo ndi mphasa ina. Ndinalankhula zambiri, ndipo zina mwa izo sindingazilembe pano. Inandilola mpaka ndinatopa.

“Tsiku lija ndinati chiyani?” inafunsa.

“Munati kadyenipo.”

“Mwadyapo?”

“Ndadyapo.”

“Nanga mlandu uli pati?”

Ndinafunsa za bulangete. Inati bulangete linali la moni, ndipo moni wabwino; ngati ndikulifuna lili m'nyumba, kungoti makoswe analiboola pakona. Nthaka sigulidwa, inatero, ndipo ikanafuna kundipatsa malo mpaka kalekale ikanaitana alongo ake, ikanaitana amfumu, pakanaphikidwa mowa, anthu akanayenda m'malire onse n'kumaona. “Inu munabwera nokha Loweruka ndi tambala. Ndinkayesa mukudziwa chimene mukupempha. Munthu wamkulu ngati inu, woyenda maiko!”

Safunsa anadya phula. Mpaka lero ndikaganiza nkhani imeneyi ndimafunafuna bodza limene nkhalamba ija inandinamiza, ndipo sindilipeza.

Mayi uja sanali munthu wankhanza. Anati chimanga chonse ndi changa, chitseko ndi mitengo ya denga ndizitenge, ndipo ngati ndikufuna ndizilimabe chigawo cha kumunsi cha kudambo mpaka ana ake atakula. Chimene anakana ndi mbande. Wodyapo amabzala chimanga, mtedza, maungu, zinthu zotha ndi chaka. Mtengo wa zipatso umabzalidwa ndi mwini, chifukwa mawa adzukulu anga akanadzaloza mangowo n'kunena kuti pano m'pa agogo athu. Anandipempha mwaulemu kuti ndizizule ndekha, anthu akuona, kuti pasadzakhale nkhani mtsogolo. Ndinazizula. Zinali zisanu ndi zitatu ndipo ntchito yake sinatenge nthawi, mizu inali isanapite patali.

Atsibweni a mkazi wanga anabwerabe pa tsiku limene tinapangana. Anazungulira nkhokwe zonse ziwiri, anagogoda chitseko n'kuyamikira kapalidwe kake, anaimanso pa maenje a mbande aja kanthawi.

“Kulima mumatha, apongozi,” anatero. “Koma malo obwereka sitingaperekepo mwana wathu. Akadzamwalira mukamuika kuti?”

Chimanga tinachituta pa ngolo ya munthu wina masiku anayi, n'kukachithira m'nkhokwe za apongozi.

Ulendo womaliza tinayenda awiri, ine ndi mkazi wanga, ine nditasenza chitseko, iye makasu ndi mwana. Titawoloka dambo ndinatula chitsekocho pansi kuti ndipume, ndipo ndinamufunsa funso limene linkandivuta.

“Amake mwana, inu munakulira kuno. Mawu aja simunkadziwa tanthauzo lake?”

“Ndinkadziwa,” anatero. “Mudzi wonse unkadziwa.”

“Zaka zitatu! Ine n'kumathyoka msana ndi zitsa za eni ake, inu muli chete?”

Anasuntha mwana kumsana, anamanga bwino nsalu, osandiyang'ana.

“Ndikanakuuzani chaka choyamba, bwenzi pano muli ku Halale. Atate anga anapita komweko ine ndili wakhanda, nkhope yawo sindiidziwa. Zaka zitatu zimenezi mwakhala mukubwera kunyumba tsiku lililonse, wotopa, wokwiya, koma mukubwera. Mwanayu akukudziwani.”

Ndinakwiya kwambiri, ndipo sindinamulankhule mlungu wathunthu. Sutikesi ndinaitsitsa pa mtanda, ndinaipukuta fumbi, ndinaikamo malaya awiri ndi pulena yanga yopalira matabwa. Inakhala pafupi ndi khomo mwezi umodzi, aliyense wolowa akuilambalala. Kenako munthu wina wa m'mudzi wapafupi anadzapempha kuti ndimupalire bokosi la maliro, ndipo ndinatsegula sutikesi ija n'kutulutsa pulena. Sindinaibwezeremonso. Ndinakhala mkamwini m'mudzi umenewo mpaka mkazi wangayo ndinamuika m'manda a kwawo, tili okalamba tonse.