Lero ndine Nambala 7

Salaam aleikum nonse. Chaka chino cha 2025 ndili ndi zaka 69, ndipo lero ndauzidwa kuti ndine Nambala 7.

Mdzukulu wanga Zainabu wabwera kuno ku Overport ndi buku la kafukufuku wake wa ku yunivesite, wonena za Amalawi obisa chilankhulo mu Durban. Anandijambula mawu masiku atatu a Loweruka. Ndinamuuza zonse, ngakhale za tsiku lija foni inalira m'taxi, malemu agogo ake aakazi akuimba, ine osayankha mpaka kutsika, kuopa kuti anthu angamve chilankhulo changa.

Ndatsegula bukulo. Mawu ndi anga, dzina mulibe, angolemba Nambala 7.

Akuti, "Agogo, ndi lamulo la sukulu, n'kukutetezani. Mukafuna dzina musayine pepala ili, koma aliyense adzawerenga."

Ndati, "Iwe, kuntchito ku doko ndinakhala Baba Mkhize, dzina la Chizulu, zaka makumi awiri. Ndimayesa m'buku ndikhala Amidu."

Akufuna yankho Lolemba. Ana inu mukugwirabe ntchito kuno, ndipo dzinali ndi lanunso. Ndisayine kapena ndisasayine?

Pakadali pano ndataya masiku atatu, ndi dzina kachiwiri.