Kamodyuleta Kanga Kanaulula Maliro a Chisomo

Inu owerenga, cholakwa chimene ndikuvomera pano n'chaching'ono moti ena mwina museka. Ndinakana kuti andilumikizire waya m'galimoto. Koma chifukwa cha kukana kumeneko, mlongo wanga anamva za imfa ya mwana wake ali pakati pa msewu, ngati munthu wopanda abale.

Ndimakhala ku Brackenfell, kuno kunja kwa dziko lathu, ndipo ndimagwira ntchito pakampani ina yopanga mashelefu. Nditagula kagalimoto kanga koyamba, kogwirapo kale ntchito, ndinapeza kuti wailesi yake ndi yachikale, yosalumikizika ndi foni. A Banda, makaniko wa zamagetsi amene timapemphera nawo, anandiuza kuti ndipite nako Loweruka akatsegule dashibodi n'kulowetsa waya kuseri kwa wailesi, kuti mawu azichoka m'foni n'kulunjika m'masipika. Ine ndinachita tsinya. Galimoto yoti ndinkaipukuta kawiri patsiku, wina ayambe kuing'amba pamimba?

M'malo mwake ndinapita ku Claremont, pafupi ndi renki ya matakisi, n'kugula kamodyuleta. Kwa amene simukadziwa, n'kachipangizo kamene mumakabaya pa soketi yoyatsira fodya. Kamatenga mawu a m'foni, kaya nyimbo kaya munthu amene wakuimbirani, n'kuwaulutsa ngati siteshoni ya FM, inu n'kungochuna wailesi pa nambala imene kakuonetsa. A Banda atakaona anapukusa mutu.

"Achimwene, mwagula siteshoni ya wailesi," anatero. "Ndipo siteshoni sisankha omvera."

Ndinawaseka, n'kumati akungofuna ntchito. Komatu umboni ndinkauona sabata iliyonse. Ambiri a ife kutchalitchi tinagula timamodyuleta kwa munthu mmodzi, ndipo iye ankatichunira tonse pa nambala imodzi. Palibe amene ankaisintha. Tikaimika magalimoto moyandikana, kwaya ya mnzako inkalowerera m'wailesi mwako. Tinkafa nazo kuseka, n'kumanyodolana kuti uje amaimba za Yehova pakhomo pokha, m'galimoto ndi zachikondi zokhazokha.

Mlongo wanga Esinati ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Sea Point. Mwana wake mmodzi yekhayo, Chisomo, wazaka zisanu ndi ziwiri, anamusiya ndi amayi kumudzi ku Mulanje. Lamulungu lina m'mawa amalume anandiimbira kuti Chisomo watisiya. Malungo anamugwira mwamphamvu, ndipo sanatenge masiku. Anandichonderera kuti ndisamuuze Esinati pafoni, pakuti ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Mukudziwa inu kuti kwathu uthenga wa maliro sauponya ngati mwala. Mayi wa mwana amayamba wakhazikidwa pansi, amayi anzake amuzungulira, kenako wamkulu amayambira patali, kuti kumudzi kulibe mtendere, mwana wadwalika. Mtima umafika pachoonadi pang'onopang'ono, pali manja oti amugwire. Ichi n'chimene ndinkafuna kumuchitira mlongo wanga, chinthu chokhacho chimene chinatsala m'manja mwanga.

Tinapangana ndi a Phiri, mkulu wampingo, kuti tikamutenge tipite naye kunyumba kwawo, kumene amayi a chigwirizano anali atayamba kale kusonkhana. Mayi Phiri anamuimbira kuti kuli msonkhano wa amayi wadzidzidzi. Ine ndinatsogola kulozera njira, koma ndinapempha kuti Esinati akwere ya a Phiri. Ndinkadziwa kuti akakhala pambali panga awerenga nkhope yanga tisanatuluke mu Sea Point.

Esinati anatsika pafulati pamene ankagwira ntchito ali kumwetulira, atanyamula jumbo. Munali nsapato zakusukulu za Chisomo, zoti ndikapereke kwa munthu wopita kumudzi. Nditamuuza kuti akwere inayo, anandiseka kuti ndikuopa kuti andidetsera mipando. Ndinayang'ana kumbali.

A Phiri ndi munthu wosamala. Anazula kamodyuleta kawo kuti foni ikalira, mawu asamveke m'galimoto monse. Chimene sanaganize n'kuzimitsa wailesi. Inatsala yoyaka, ikungosokosera pansipansi pa nambala ija, yopanda woilankhulitsa. Ine kanga ndinakasiya kobaya ngati masiku onse.

Tinayenda bwinobwino ulendo wonse. Titatsala pang'ono kufika, maloboti anatiimitsa, ine ndinaima pambali penipeni pa galimoto yawo. Foni inalira. Anali amalume. Magalasi anga anali otseka, ndinali ndekha, ndiye ndinayankha mosaopa kanthu. Mawu awo anadzaza m'galimoto mwanga.

"Mphwanga, bokosi la Chisomo lafika. Tiika mawa masana. Kodi Esinati mwamuuza?"

Ndisanayankhe ndinacheuka. Ndinaona a Phiri akulimbana ndi mabatani a wailesi, ndipo kumpando wakumbuyo Esinati anali atandiyang'anitsitsa, kukamwa kuli yasa. Pamenepo ndinadziwa kuti mawu amene ndamva ine, iyenso wawamva.

Esinati anatsegula chitseko Mayi Phiri, amene anakhala naye kumbuyoko, asanamugwire. Anayenda mapazi atatu kapena anayi kulunjika kwa ine, n'kugwa pamsewu. Jumbo ija inang'ambika, nsapato imodzi n'kugubuduzikira pansi pa galimoto yanga. Maloboti anasintha, am'mbuyo n'kuyamba kuliza mahutala, ena akutukwana m'zilankhulo zawo, ena akujambula ndi mafoni. Amayi amene anakonzeka kudzamugwira anali misewu iwiri yokha kuchokera pamenepo, atayala kale zitenje pansi. Amalume anali akadali pafoni, akufunsa ngati ndikuwamva.

Esinati anagonekedwa m'chipatala masiku awiri. Chisomo anaikidwa mayi ake ali pabedi, osatha ngakhale kumvera nyimbo za kumanda pafoni. Chimenechi chimandipweteka mpaka lero, ndipo sindikuganiza kuti chidzasiya.

Esinati sanandikalipire, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero. Patapita miyezi, tili awiri, anangoyamba yekha kulankhula.

"Achimwene, poyamba ndinkayesa ndi mauthenga a maliro a pawailesi, ngati kumudzi kuja. Ndinayamba kumumvera chisoni mayi wa mwanayo. Kenako ndinamva dzina langa."

Sabata yomweyo ndinapita kwa a Banda. Sanandikumbutse zimene ananena, anangotenga zida zawo. Ntchito imene ndinaikana chaka chathunthu sinathe ngakhale ola limodzi, ndipo dashibodi anaibwezera popanda kukandika paliponse. Zoonadi, mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma kwa ine anakoma mochedwa.

Inu owerenga, makamaka anzanga amene tili kuno kutali, mafoni athu amanyamula zolemera: matenda, maliro, milandu ya m'banja. Ngati mumayankhira foni m'galimoto, pitani kwa wodziwa akulumikizireni waya, mawu anu azithera m'galimoto mwanu. Ngati mukakamirabe kamodyuleta, sinthani nambala imene anakuchunirani wogulitsa, ndipo tsiku limene mwasenza uthenga wa mnzanu, kazuleni musanalize injini. Musadalire magalasi otseka ngati mmene ndinachitira ine.

Esinati amakwerabe galimoto yanga ndikamapita naye kutchalitchi. Ndinamuuza kuti tsopano ndi ya waya, palibe mawu achilendo angalowemo. Anagwedeza mutu kuti wamva. Koma akangokhala pampando, asanamange n'komwe lamba, amatambasula dzanja n'kuzimitsa wailesi.